Mapazi a atsibweni pa matailosi a eni ake

Anzanga, izi zinachitika mu 1987, koma ndikazikumbuka nkhope imanditenthabe.

Ndinali mtsikana wotaipa makalata mu ofesi ina ku City Centre. Tsiku lina kunabwera mnyamata kudzakonza matailosi a ku bafa ya abwana. Dzina lake Nebert, wamtali, pensulo pakhutu, ovolosi yosita bwinobwino.

Atamaliza anadzaima pa desiki yanga.

"Asisi, munganditaipireko koteshoni ya mitengo ya ntchito yanga? Ndikalemba pamanja, mabwana amandiyesa waganyu, pomwe ine ndi kontirakitala."

Ndinamutaipira. Mawa lake anabwera ndi ina, pamodzi ndi Fanta. Yachitatu ndinaona kuti wangoipeka, chifukwa nyumba imene analembamo inali ndi mabafa ambiri kuposa zipinda zogona. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo chibwenzi chinayambira pomwepo.

Anzathu ankapita kokaonera filimu, ife tinkazungulira masitolo a amwenye ku Old Town kuona matailosi. Nebert akayamba kufotokoza za ntchito yake sankapuma.

"Alinesi, anthu amapusa pofunsa mtengo wa bokosi basi. Uyambe wayeza pansi, uwonjezere osweka ndi odulira m'makona, simenti, mchenga, kenako dzanja la mmisiri. Ndipo usamalembe mmisiri usanaone nyumba imene anagwirako."

Ine ndinkangoti munthu wosamala chonchi sanganame.

Lamulungu lina ananditengera ku Area 43. Nyumba yaikulu, yangotsala matailosi ndi penti. Anatulutsa kiyi m'thumba n'kutsekula.

"Ndi ya ndani?" ndinafunsa.

"Ukufunsa ngati mlendo bwanji? Ndi yathu, darling. Ndakhala ndikumanga pang'onopang'ono. Sankha matailosi a pabalaza."

Ndinasankha obiriwira, amene iye ankawayamikira kwambiri. Anandiuza kuti ndizibwera Lamulungu lokha, chifukwa masiku ena kumakhala fumbi, komanso ndisauze aliyense poti anthu ndi ansanje.

Kodi munthu wobwereka chipinda chimodzi ku Area 4 angamange nyumba ku 43? Funso limenelo linkabwera, koma ndinkalithamangitsa ngati ntchentche.

Ndipo pakamwa panga sipanatsekeke. Nditapita kwathu ku Mitundu ndinauza amayi, amayi anauza a mvano, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unali ukudziwa kuti Alinesi akukakhala kumayadi.

Atsibweni anga a Bauleni, achimwene awo a amayi, anati asanalandire mawu a ukwati akufuna amuone okha mnyamatayo. Anafika Loweruka m'mawa, atavala jekete lawo lopitira ku tchalitchi.

Tinapangana kuti Nebert adzatipeza kwanga masana. Koma ine matama anandikula. Ndinati atsibweni ayambe aona nyumba.

Tinapeza chitseko chili chotsekula, mulibe munthu. Pakhomo la pabalaza panali thabwa lopingasa, ndipo zingwe zinali zitamangidwa kuchoka khoma ili kufika linalo. Matailosi anga obiriwira aja anali atayalidwa, akuwala.

Ndinachotsa thabwalo ndi manja angawa.

"Lowani, atsibweni. Pano ndi panu."

Anavula nsapato mwaulemu n'kulowa ndi masokosi. Anayenda mpaka pakati, akuyang'ana kudenga. Ndinamva ngati pansi pakusuntha, koma sindinalabadire. Sindinkadziwa kuti matailosi ongoikidwa kumene sapondedwa simenti isanaume.

Atsibweni anagwada n'kuyamba kupemphera. Anathokoza Mulungu kuti mwana wa mlongo wawo wapeza pokhala.

Asananene ameni, panja panaima galimoto. Analowa mayi wina wovala mpango woyera, Nebert ali pambuyo atasenza thumba la simenti.

Mayiwo anayang'ana pansi. Matailosi anali atapendekeka, ena atamira, simenti itatumphukira m'mizere.

"A Nebert, anthu awa ndi ndani m'nyumba mwanga? Matailosi amenewa ndawadikira miyezi kuti afike, ndipo kusitolo atha!"

Ndinamuyang'ana Nebert. Ndinkadikira kuti aseke, anene kuti mayiwa asokoneza nyumba.

Anatsitsa thumba lija pang'onopang'ono, maso ali pansi.

"Pepani a mayi Adija... uyu ndi mtsikana amene amabwera kudzakolopa tikamaliza. Bambowa sindikuwadziwa."

Anzanga, ndinangotembenukira kwa atsibweni.

Iwo ndiwo anayankhula. Anali chigwadire, maondo a thalauzi lawo ali simenti yokhayokha. Anatembenukira kwa mayi aja n'kuomba m'manja, munthu wamkulu, wa imvi, amene kwathu anthu amamuvulira chipewa.

"Pepani mayi, tasochera. Mwanayu musamuimbe mlandu, ndalowa ndine."

Anatuluka atanyamula nsapato m'manja. Nebert sanatitsatire ngakhale kufika pageti, ndipo sindinayankhulane nayenso.

Tinayenda wapansi mtunda wautali, magalimoto akutidutsa. Ine ndinkalira, iwo akungokhosomola. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndipo zikanandipepukira.

Titafika ku depoti anagula nthochi n'kundipatsa imodzi.

"Alinesi, kumudzi ndikanena kuti nyumba tinaipeza yokhoma, sitinaione. Za mnyamatayo ndikati ine ndi amene ndamukana. Anthu akanene ine kuti ndine wovuta, iwe ukhale chete."

Anachitadi zimenezo. Amayi anawakwiyira zaka zambiri, ankati anandiphera ukwati wabwino chifukwa cha nsanje. Atsibweni sanadziteteze ngakhale tsiku limodzi mpaka anamwalira.

Nebert ndinamuiwala kalekale, anzanga. Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu amene sankadziwa kunama anafa akutchedwa wansanje, pofuna kubisa manyazi anga.