Tsiku Limene a Firmin Anapita ndi Dengu kwa a Solange

A Firmin Vialle anacheka matabwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri m'mudzi wina wa kumapiri a Corrèze, ku France, koma anthu sawatchula chifukwa cha matabwa. Amawatchula chifukwa cha bowa. Mvula ya Seputembala ikangonyowetsa nthaka, iwo ankalowa m'nkhalango ndi kutulukamo dengu lili tho, ndipo panalibe amene anadwalapo m'mimba atadya bowa wozulidwa ndi dzanja lawo.

Akazi awo, a Odile, atamwalira, a Firmin anangokhala ndwii pakhomo, ndevu osameta. Amene anawadzutsa ndi Maryse, mwana wa mlongo wawo, yemwe anakonza khola lakale la nkhosa kukhala nyumba ya alendo obwera kutchuthi. Alendowo ankapalasa njinga, ena kuwedza kumtsinje, ena kuponya mipira yachitsulo pabwalo la tchalitchi. Koma chimene ankachikonda koposa chinali kukazula bowa ndi a Firmin Loweruka m'mawa. Nkhalambayo inkayamba kunola mpeni Lachitatu, Lachisanu n'kumeta ndevu. Kunena zoona, chimene chinkawadzutsa pabedi masiku ena onsewo chinali Loweruka limeneli.

Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, maso anayamba kuchita nkhungu. Sanauze munthu. Ankadziwa kuti Maryse akangomva, maulendo a Loweruka athera pomwepo, pakuti bowa alibe masewera: alipo wina woti ukadya lero, mlungu usanathe belu likulirira iwe.

Loweruka lina anatenga banja lochokera ku Lille, a Bastien ndi akazi awo a Noémie, omwe anali oyembekezera. Dengu litatsala pang'ono kudzaza, mayiyo anabwera ndi bowa wotuwira pachikhatho.

"Bambo Vialle, nanga uyu?"

A Firmin anamuyandikiza kumaso, anamununkhiza, anamusisita ndi chala. Ankamuona ngati chinthu chimene chili pansi pa madzi. Kale akanayankha ali chapatali.

"Ponyani m'dengumo," anatero, pakamwa patatsogola.

Pobwerera, a Noémie ankasimba mmene akakazingire bowayo ndi mazira, dzanja lili pamimba. A Firmin anayamba kukayikira bowa wotuwira uja. Ku France munthu akakayikira bowa amapita naye kusitolo ya mankhwala, ndipo wogulitsa mankhwala, amene anaphunzira zimenezi kusukulu, amamuona mmodzimmodzi. A Firmin anali asanapondeko ndi dengu chibadwire. Ankati kumeneko n'kwa anthu a m'tauni. Koma atafika pamphambano, anakhotera njira ya kusitolo.

Mwini sitoloyo, a Solange Teyssier, anali mnzawo wa kusukulu, ndipo chinkana anali atapuma pantchito, Loweruka ankabwerabe kudzathandiza mwana wawo.

"Ee! Lero kugwa matalala!" anafuula a Solange. "Firmin Vialle ndi dengu pakhomo panga? Wasochera, kapena wabwera kudzandifunsira?"

"Ndifunsire iwe? Ndinakuthawa uli ndi mano onse m'kamwa. Taona bowayu, alendowa aone ngati unaphunziradi."

"Ndinkakuonetsa masamu ndine, mbuli iwe. Bweretsa kuno."

Anayala nyuzipepala pathebulo ndi kukhuthulirapo dengu. Ankatola mmodzimmodzi, uku akunyoza nsapato za a Firmin. Atafika pa wotuwira uja, mawu anatha. Anamutembenuza, anayang'ana kutsinde, kenako anayang'ana mnzawoyo pamwamba pa magalasi.

"Ameneyu ndi wakupha," anauza alendowo modekha. "Wasakanikirana ndi anzake, ndiye onsewa ndi otaya. Musadabwe, mdalayu amachita dala, amaika mmodzi kuti andiyese."

A Bastien anaseka, ngakhale kuti nkhope inali itagwa pang'ono, ndipo anatenga akazi awo kukagula buledi tsidya lina la msewu. Chitseko chitatsekeka, a Solange anavula magalasi.

"Sunamuone, eti?"

"Ndinamuona ngati mwezi uli m'mitambo."

"Chiyambire liti?"

"Nyengo ya chisanu yathayi."

"Firmin, mayi uja ali ndi pakati." Anawagwira pamkono, chinthu chimene anali asanachitepo. "Wachita bwino kubwera. Koma ukamuuze Maryse lero lomwe. Ukapanda kutero ndikamuuza ndine, ndipo ukundidziwa, ine nkhani ndimathira tsabola."

Masana amenewo anapeza Maryse akuanula nsalu zofunda za alendo kuseri kwa nyumba. Anavula chipewa ngati alowa m'tchalitchi, ndipo anafotokoza zonse osabisa kanthu, ngakhale bodza limene a Solange anawaphimba nalo.

"Ndiye uwauze alendo akowo kuti za bowa zatha," anamaliza motero, akuyang'ana m'chipewa. "Azikwera njinga."

Maryse analeka kuanula nsalu zija. Maso ake anali atafiira, ndipo a Firmin, ngakhale sankaona bwino, anamva mmene ankapumira.

"Amalume, mukanapha munthu."

"Ndikudziwa, mwanawe."

"Chisanu chonse muli chete! Ine ndimati mwayamba kunyada, pondidutsa pamsewu osandipatsa moni." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Nanga miyendoyo, nayonso yachita nkhungu?"

"Miyendo? Imadziwa muzu uliwonse m'nkhalango muja."

"Chabwino. Lolemba ndikupita nanu kwa dokotala wa maso ku Tulle, ndipo musayambe zokana. Loweruka tizipita awiri. Inu muzitsogolera ndi kusimba mabodza anu aja, woyang'ana bowa ndine, ndipo dengu lililonse lizidzera kwa a Solange lisanaone poto."

"Mlungu uliwonse? Mayi ameneyo andimaliza ndi pakamwa!"

"Akumalizeni. Mukakana, muzikhala pakhomo."

A Firmin anazunguza chipewa m'manja. Anaganiza za anzawo a pabwalo la tchalitchi, mmene adzasekere pomuona katswiri wa bowa ali pamzere ndi dengu ngati mlendo wa ku Paris. Manyaziwo anawayeza, ndipo anapeza kuti akhoza kuwasenza.

"Iwe sudziwa n'komwe kusiyanitsa bowa ndi ndowe ya ng'ombe," anang'ung'udza.

"Ndiye mundiphunzitse. Gwirani uku."

Anawapatsa nsonga ziwiri za nsalu. A Firmin anazifufuza ndi zala mpaka anazigwira bwino, nabwerera m'mbuyo kuti nsaluyo ikungike.

"Tinyamuka isanakwane seveni," anatero. "Ndipo usabwere ndi tinsapato tako ta m'tauni ito."