Mwana anatsika sikelo amake ali ku mayeso

Alongo anga amaphunzitsa pa sekondale ina kufupi ndi Guilleme. Chaka chimene mwana wawo anayamba kuyenda, anali akumaliza digiri yachiwiri, ndipo mayeso omaliza ankakalembera ku Lilongwe, milungu itatu yathunthu. Alamu anga amagwira ntchito ku esiteti ya fodya, amabwera kamodzi pamwezi. Wotsala ndi mwana ndinali ine, amene ndinalekeza Sitandade 7 nditamenyana ndi mnzanga m'kalasi.

Pokwera minibasi alongowo anandiuza kuti: "Malume ake, mwanayu akangosintha pang'ono, undiimbire. Ndibwerera tsiku lomwelo, mayeso atsale." Sankanena zocheza. Anali ataimitsapo kale sukuluyo chaka chimodzi ali oyembekezera, ndipo anachenjezedwa kuti akaimitsanso, malo awo atha.

Mlungu woyamba kunali sikelo. Ndinamubereka mwana ndi chitenje cha amake, mwamuna ndekha pakati pa amayi. Alangizi a zaumoyo anamupachika pa sikelo, nalemba kadontho m'kabuku. Kuwerenga kumandivuta, koma mzere wotsika ndinauona.

"Mwanayu watsika. Amake ali kuti?"

Ndisanayankhe, mayi wina kumbuyo kwanga anati: "Ali kusukulu. Ena tikulera ana, ena akulera mabuku."

Ndinatembenuka. Zimene ndinawauza mayiwo sindingazilembe pano. Mwana anayamba kulira chifukwa cha mawu anga.

"Achimwene, zolalatazo mukamalizire kwanu," alangiziwo anatero. "Pano mverani. Phala la mgaiwa, nsinjiro, timafuta pang'ono, kanayi patsiku. Mubwere naye pakatha milungu iwiri. Akatsegula m'mimba kapena kutupa mapazi, musadikire."

Masana alongo anaimba. "Kusikelo anena chiyani?"

"Ali bwino."

"Wakwera?"

"Asisi, ndati ali bwino. Inu werengani."

"Jambula kabukuko unditumizire."

"Kamera inafa."

Sinafe. Ndinadula foni.

Masiku otsatirawo ndinasinja mtedza mumtondo ngati mkazi, anzanga akudutsa n'kumandifunsa ngati ndalowa chikamwini kwa mlongo wanga. Sindinawathamangitse, phala likanapserera. Mwanayo ankalavula, kukankha sipuni, kundipaka kumaso. Tsiku lina mkwiyo unandifika pakhosi, ndinamukhazika pamphasa, ndinatuluka, ndinakamenya khoma la nkhokwe mpaka chala kutupa. Kenako ndinabwerera kudzamudyetsa. M'mawa uliwonse ndinkamudina mapazi ndi chala kuona ngati atupa. Ndinkadziuza kuti akangotupa ndiimba. Mpaka lero sindidziwa ngati ndikanaimbadi.

Pa sikelo yachiwiri anakwera pang'ono. Pang'ono chabe.

Alongo atabwera, anamunyamula mwana, kumuyesa m'manja, n'kupempha kabuku asanavule nsapato. Anawerenga ataimirira, nthawi yaitali.

"Unandinamiza."

"Mukanabwerera."

"Ndikanabwereradi."

"Nanga zaka zonsezi mwavutikazi?"

"Zaka zanga, mwana wanga. Wosankha ndinali ine, osati iwe."

Ndinafuna kukuwa kuti ndani anasinja, ndani anachapa matewera. Ndinangotenga khasu n'kupita kudimba.

Mayeso aja anakhoza. Sanandithokoze, inenso sindinapepese. Timalankhulana, timadyera pamodzi, mwanayo akandiona amathamangira miyendo yanga. Koma tsopano akamapita kumisonkhano ya maphunziro, amakamusiya kwa mayi wina wa kutchalitchi, ine ndili pakhomo pomwepo.