Ufa Umene Malemu Anasiya

Esitere Nabanda, wogulitsa tomato pamsika wa Mitundu, ndi mayi wosaiwala msanga. Mwamuna wake anamwalira ndi Kovidi atakana katemera, chifukwa bambo Chikadza, ogulitsa mankhwala azitsamba pamsikapo, anamuopseza kuti katemerayo amaundanitsa magazi, n'kumugulitsa ufa wa chammwamba woti umalimbitsa chitetezo cha m'thupi.

Tsiku lina akukapikula tomato ku Nathenje, Esitere anawaona a Chikadza omwewo pamzere wa katemera, atapinda kale mkono wa malaya, poyesa kuti kumeneko sawadziwa. Anangowajambula pafoni mwakachetechete.

Patsiku la msika, a Chikadza akutamanda ufa wawo pachimkuzamawu, Esitere anayendetsa chithunzicho benchi ndi benchi. Kenako anawakhuthulira paphewa ufa umene malemu anasiya.

"Pakani pomwe anakubayanipo, bambo. Mwamuna wanga sanaumalize."