Chala Chimenecho Si Changa

Ezelina Zuze ali ndi zala ziwiri zaulesi kudzanja lamanja, chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho. Akagwira kapu ya tiyi, ziwirizo zimangoima pambali ngati ntchitoyo si yawo. Anthu a m'mudzi mwake, uko kunjira ya ku Nyalugwe, amadziwa kuti ulesi umenewu unayamba mu 1994, ndipo ukamufunsa mwini wakeyo amakuyankha mosanyinyirika kuti inamulanda ndi njinga.

Iye si wobadwira kuno ku Zambia. Anachokera tsidya la malire, ku Mozambique, mu 1987, akuthawa nkhondo, mwana kumsana, mwamuna wake Julio patsogolo atasenza mphasa ndi khasu. Abale ake onse anathera komweko, ndipo nkhani imeneyo saikonda. Eni dziko anawaloza tchire, iwo n'kugwetsa mitengo, n'kuzula zitsa mpaka tchire linasanduka munda. Mwana uja, Kumbukani, chikuku chinamutenga chaka choyamba chomwe. Julio anakhalako zaka zisanu, anagulitsa mpendadzuwa n'kugula njinga yakuda, kenako chifuwa chinamugoneka pafupi ndi mwana wake, chaka chija cha chimanga chachikasu.

Pa zonse zimene Ezelina anapeza ku Zambia, chimene ankanyadira kwambiri ndi kulemba dzina lake. Lachitatu lililonse ana akaweruka, amayi a kutchalitchi ankalowa m'kalasi n'kudzipanikiza pamabenchi a ana, kuphunzira chimene kuno amati shibukeni, sukulu ya akuluakulu. Anzake a mayina ofewa anamaliza msanga. Iye dzina lake lili ndi ma Z atatu, ndipo Z ndi chilembo chamwano, ukangochiyambira mbali yolakwika chimatembenuka n'kukuchititsa manyazi. Zinamutengera zaka ziwiri. Tsiku limene analigonjetsa analumbira kuti inki sidzamudetsanso chala. Pamzere wa chimanga, kuchipatala, kulikonse, ankapempha bolopeni n'kulemba pang'onopang'ono, lilime lili panja, a kumbuyo akung'ung'udza. Ankawasiya ang'ung'udze.

Nkhondo itatha kwawo kuja, kunabwera anthu olemba mayina a ofuna kubwerera. Sankakakamiza munthu. Ezelina sanapiteko n'komwe, chifukwa analibe woti akamupeze kumeneko kupatula zitsa za nyumba. Ndiye tangoganizani mmene mtima wake unadumphira Lamulungu lina m'mwezi wa Julaye, atamva dzina lake likuwerengedwa m'tchalitchi pakati pa okwera lole Lachisanu likudzalo. Wowerengayo anawonjezera kuti minda ya onse opita idzagawidwa kwa ena akangonyamuka.

Atatuluka m'tchalitchi, Ezelina anamupeza Jonas panja, mng'ono wake wa malemu Julio, munthu wolankhula mofatsa ngati sangaphe nyerere.

"Alamu, dzina langa lafika bwanji papepala?"

"Ndinakulembetsani ndine," anatero Jonas. "Mkazi yekha angatsale bwanji kwa eni? Mlendo ndi mame, alamu. Kwanu n'kwanu."

"Nanga chala anadinda ndani?"

Jonas anayang'ana mkazi wake, mkazi wake anayang'ana pansi.

"Chala ndi chala," anatero Jonas.

Mwina Jonas ankamumveradi chisoni. Koma tisaiwalenso kuti makasu ndi mbewu ankagawa kwa obwerera potsata mitu ya pabanja, ndipo mutu wa Ezelina unali mutu ndithu. Akuluakulu amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma apa chala chimodzi, cha mwini wina, chinali pafupi kumusamutsa munthu pa munda wake ndi pa manda awiri.

Mapepala anali atapita kale ku boma la Petauke, ndiye kuti dzina lichotsedwe anayenera kukafika komweko. Masiku amenewo mabasi a boma anali akutha, ma minibasi a anthu ndiwo anali mafumu a mseu, ndipo Ezelina analibe chowapatsa. Lolemba m'mawa, kukuzizira, anapopa matayala a njinga ya Julio mpaka analimba gwa, chifukwa ankakhulupirira kuti ulendo wautali umafuna tayala louma. Anamangirira mbatata zootcha pakaliyala n'kunyamuka.

Njingayo inali ndi vuto limodzi limene iye sankaliona ngati vuto. Julio anali munthu wamtali, ndipo chishalo chinali chikadali pomwe iye anachisiya. Nati ya chishalocho anaimanga ndi manja ake, ndiye Ezelina sankalola munthu kuikhudza. Ankapalasa ndi nsonga za zala za kumapazi, thupi lonse litagwera kutsogolo, kulemera kwake konse kuli pamanja. Popita kuchigayo zimenezi sizinkavuta. Koma mseu wa fumbi wopita ku Nyimba unali ndi mabampu ngati malata, ndipo bampu lililonse linkalowera m'zikhatho n'kukatulukira m'mapewa. Anafika ku Nyimba dzuwa litapendeka, nagona kwa mayi wina wa mpingo wake. Mkono unkawawa, iye anati ndi kutopa chabe.

Lachiwiri anagwira mseu wa tala, wa maenje ndi malole. Lole ikamadutsa ankafinya mahandulo ngati akupotola khosi la nkhuku. Ululu unayamba pachigongono, unakwera paphewa, kenako unatsikira kudzanja n'kusanduka dzanzi. Pofika ku Petauke masana, dzanja lamanja ankaliona ndi maso koma sankalimva.

Mu ofesi ya mapepalawo munali kalaliki wina, a Mumba, bambo wa magalasi omangidwa ndi ulusi, wosaipa mtima koma wotopa ndi nkhani za anthu. Anafufuza mulu wa mapepala mpaka anapeza la banja la Jonas.

"Amai, apa munadinda. Manje mufuna chani?"

"Chala chimenecho si changa. Ine sindidinda, ndimalemba."

A Mumba anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, kuyambira kumpango wofiira ndi fumbi mpaka kumapazi ong'aluka.

"Mvelani," anatero. "Ngati mwasintha chabe maganizo, dindani apa, pepala liyende kwa akulu, yankho mwezi wa kutsogolo. Koma ngati munthu anakunamizilani, nifafaniza lelo lomwe. Mwati mulemba. Lembani tione."

Mwezi wa kutsogolo munda ukanakhala uli ndi mwini wina. Ezelina analandira bolopeni monyada, monga ankachitira nthawi zonse. Bolopeni inagwa. Anaitola ndi lamanzere, naiika pakati pa zala, nayesa kufinya, koma zala zinangokhala lende. Inagwanso. Kachitatu inakanda kamzere kokhota papepala n'kugubudukira pansi pa tebulo. Pabenchi ya odikira panamveka kuseka, ndipo wina ananong'oneza mokweza kuti amayi akumudzi amaona ngati kulemba n'kupalira.

Manyazi anamuotcha nkhope. Chiyambire kuthawa nkhondo anali atanyozedwapo kambirimbiri, koma sanaonekepo wabodza pa chinthu chimene ankachidziwa. A Mumba anamukankhira kabokosi ka inki mwachifundo. Iye anakabweza ndi chigongono.

"Ndiye mubwele mailo," anatero a Mumba.

"Mailo uti, bambo? Wa kumbuyo uja dzanja linali bwino."

Kuno mailo ndi dzulo, mailo ndi mawa, ndiye a Mumba anaseka pang'ono. "Wa kutsogolo, amai. Ukapita umenewo, buku nitseka."

Pafupi ndi msika panali mayi wina wogulitsa tiyi ndi zitumbuwa, dzina lake Dainess, Mnsenga wapakamwa pakuthwa. Anaona mlendo akulephera kugwira kapu, namufunsa, Ezelina n'kufotokoza zonse. Bambo wina amene ankamwa tiyi pomwepo analowerera kuti dzanja lotere ndi lolodzedwa, lofunika kutema mphini, ndipo iye ankadziwa munthu wa lezala labwino.

"Magazi a kwathu anatayika okwana," anatero Ezelina. "Anga atsale m'thupi."

Dainess sanayang'ane dzanja poyamba. Mwamuna wake ankanyamula makala panjinga, ndiye matenda a njinga ankawadziwa. Anazungulira njinga ija, nakanikiza tayala ndi chala, nayeza chishalo ndi chiuno cha Ezelina, n'kugwira pakamwa.

"Mwewo amai, njinga iyi ni ya munthu wamtali. Mwayenda na manja kuchoka ku Nyalugwe, osati na mendo. Na matayala aya mwapompa monga mwala. Palibe mfiti apa."

Anatenthetsa madzi, nathira m'beseni, namuviika mkono mpaka m'chigongono. Madzi akazizira ankawonjezera ena. Anamusisita kuyambira paphewa kutsika, mosafinya pomwe panali dzanzi, namuuza kuti azitambasula zala ndi kuzipinda, azigwedeza dzanja ngati akuwaza madzi. Ululu utayamba kubwerera Ezelina analuma mano, koma Dainess anati dzanja lowawa ndi lamoyo. Kenako anatulutsa sipanala ya mwamuna wake.

"Chishalo musakhudze," anatero Ezelina. "Anamanga ndi malemu amuna anga."

"Amuna anu anagula njinga kuti ikunyamuleni olo kuti ikulemazeni?"

Ezelina anayang'ana nati ya Julio ija. Kenako anatenga sipanala ija ndi dzanja lamanzere namasula yekha. Nati inali itachita dzimbiri, inalira pomasuka, ndipo naye misozi inamulengeza. Anagona kwa Dainess, mkono atausanjika pamtolo wa zovala.

Lachitatu m'mawa phewa linali litapepuka, ndipo chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira zinali zitadzuka, koma zopanda mphamvu ngati za khanda. Anayesa kugwira kamtengo, kanapulumuka. Dainess anamuuza kuti apemphe a Mumba adikire sabata. Ezelina anangopukusa mutu n'kupita.

Benchi inali yodzaza, ena a dzulo omwe aja. A Mumba anamupatsa bolopeni. Ezelina anaiika patebulo, naluma m'mphepete mwa chitenje chake n'kung'amba kansanza. Anagoneka bolopeni pakati pa zala, nazunguliza kansanza kaja kuzala ndi kuchikhatho, namanga mfundo ndi mano ndi dzanja lamanzere. Zala zinali zitakana, koma chigongono ndi phewa zinali zisanaiwale. Anaimirira, nawerama patebulo, nayamba kukoka mkono wonse.

E anatuluka wamkulu ngati chitseko. Pa Z woyamba anaima, lilime panja, thukuta likutsika kukuzizira, kenako anamuyambira kumanzere monga anaphunzirira. Chilembo chilichonse chinkamubaya pachigongono. Pabenchi panali zii. Dzina loyamba linadzaza pepala mpaka kumapeto, lachiwiri anakalilemba pansi pake, ndipo Z wachitatu anaboola pepala pang'ono.

A Mumba analinyamula, naliwerenga mokweza chilembo ndi chilembo.

"Amai, dzina limodzi ladya pepala lonse la boma."

"Likhale. Linavuta kupeza."

A Mumba anatenga lula nafafaniza dzina lake pamndandanda wa Jonas. Analemba kalata yonena kuti Ezelina Zuze sakupita, munda ndi nyumba n'zake, naidinda chidindo, namupatsa ndi manja awiri. Anamuuzanso kuti adutse kuchipatala. Kumeneko anamupatsa mapilitsi n'kumuuza kuti njinga aiiwale kwa masabata angapo.

Atangotuluka m'tauni anayesa kukwera, pakuti Ezelina ndi Ezelina. Pamtsetse woyamba dzanja linakana kugwira buleki, ndipo anakathera m'udzu. Anadzuka, nasasa fumbi, nayamba kukankha njinga ndi dzanja lamanzere, lamanja atalikoleka m'mpango pachifuwa pomwe panali kalata. Anayenda masana onse a Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, akugona m'midzi ya m'mbali mwa mseu, akuviika mkono paliponse pomwe anamupatsa madzi otentha. Ankadziwa kuti lole ikunyamuka iye ali panjira. Anadziuza kuti zilibe kanthu.

Zinali ndi kanthu. Anafika Loweruka masana napeza mbali yonse ya mudzi imene munkakhala a kwawo ili pululu. Zitseko anali atazula, nkhokwe zili kukamwa yasa, agalu akuzungulira osadziwa kolowera. Rhoda, mnzake amene anawoloka naye malire, amene anasambitsa mtembo wa Kumbukani, anali atapita osatsanzikana naye. Jonas nayenso anali atapita, ndipo iye, ndi bodza lake lomwelo, anali munthu wotsiriza wodziwa mmene Julio ankasekera. Ezelina anatsamiritsa njinga pakhoma la nyumba yake, nakhala pansi, nalira mokweza ngati pamaliro. Anali atapambana, ndipo m'mudzi monse munalibe woti amuuze m'chilankhulo cha kwawo.

Atatopa kulira anakweza maso. Kumunsi, m'munda mwake, munali bambo wina ndi chingwe ndi zikhomo, akuyeza mapazi kuchokera pachulu. Ezelina anapukuta nkhope ndi mpango, natulutsa kalata ndi dzanja lamanzere, natsetsereka osathamanga. Bamboyo atamuona anaima chingwe chili m'manja.

"Amai, tinamva kuti munapita."

"Munamva molakwika," anatero Ezelina. "Sendelani uko, mwaponda mbatata zanga."