Chitenje Chimene Sichinkayenera Kutsika Mtengo

Fungo la nsalu yatsopano likasakanikirana ndi la parafini ndi sopo wamtanda, ndimawaona agogo anga aamuna, a Nampinga, ataima kuseri kwa kauntala ya kagolosale kawo kwa Mwambo, pensulo ili kukhutu, akuingitsa ntchentche zochokera pa matemba amene anthu ankayanika kuseri kwa nyumba. Kagolosaleko kanali m'mphepete mwa msewu wopita kunyanja ya Chilwa, moti wochokera kudoko kapena kusikimu ya mpunga ya Likangala ankadutsa pakhomo pathu. Ine ndinkakhala nawo chifukwa sukulu inali pafupi. Anali munthu wouma manja, zimenezo sindingabise. Siwiti ikagwa pansi ankaipukuta pamalaya n'kuibwezera m'botolo.

Chaka chimene ndikunenachi agogo anaoda nsalu zambiri za Khirisimasi poganiza kuti asodzi apha nsomba zambiri. Nsomba zinavuta, anthu anagula pang'ono, ndipo Januwale anatipeza mashelefu ali odzaza. Kwathu Januwale ndi mwezi wouma m'thumba, mpunga angouwokera kumene, chimanga sichinache. Kenako tinamva kuti sitolo yaikulu ya ku Jali yatsitsa zonse zotsala pa zikondwerero. Azimayi ankadutsa m'mamawa ulendo wa ku Jali, madzulo n'kubwerera atasenza mitolo, akutipatsa moni maso ali kumbali. Agogo ankangogogoda kauntala ndi pensulo ija.

"Nsalu si mbuzi yoti ukaisunga ibereka," anatero tsiku lina. "Mawa nafenso titsitsa."

Anamanga chingwe kuchokera pakhonde kukafika pamtengo wa mango, n'kupachikapo nsalu, ndipo pakatoni analemba ndi khala kuti zonse ndi theka la mtengo. Dzuwa lisanakwere pakhomo panali patadzaza, azimayi akukokerana, ana akulira kumbuyo. Pakati pa zitenje zamaluwa panalinso za chipani, zija za nkhope ya mtsogoleri wa dziko, zimene azimayi ankavala pokavinira akuluakulu. Agogo anaziyanika limodzi ndi zinazo osaganiza kanthu, chifukwa kwa iwo katundu anali katundu basi.

Ndiye kunabwera mayi a Esinati, oyandikana nafe nyumba. Iwowa anagula chitenje cha chipani Khirisimasi isanafike, pamtengo wonse, atagulitsa mpunga wambewu, poti mayi wopanda chitenjecho ankafunsidwa mafunso pamsonkhano.

"Ambuye, ndiye ife tinathamangirafe tinali zitsiru, eti?" anafunsa. "Ndinagulitsa mbewu ine. Mundibwezere theka langa."

"Msika wa dzulo ndi wa dzulo, mayi," anayankha agogo, osawayang'ana n'komwe. "Mukanadikira."

Mayiwo anachoka osatsanzika. Agogo anaiwala, kapena anachita dala kuiwala, kuti mlongo wawo wa mayi a Esinati, a Lingisoni, ndiye ankatsogolera anyamata a chipani kudera lathu.

Masana omwewo tinaona anyamata a chipani aja, atavala malaya awo ofiira, akutulukira cha kumsewu. Phokoso lonse linazima. Amene anali atagwira nsalu anazisiya, ena n'kuyamba kufufuza makhadi a chipani m'mipango. A Lingisoni sanafunse khadi la munthu. Anayenda pang'onopang'ono motsatira chingwe chija, n'kuima pa katoni, n'kuiloza ndi ndodo.

"Madala, tawerengani apa."

"Theka la mtengo," anawerenga agogo.

"Zonse?"

Ndodo ija inachoka pakatoni n'kukaloza nkhope imene inkagwedezeka ndi mphepo pachingwe. Apo m'pamene agogo anaona chimene anachita. Ine ndinali pakhonde, ndipo mantha amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso. Tonse tinkadziwa za msodzi wina amene anatengedwa chifukwa chokulunga matemba m'nyuzipepala ya chithunzi chomwecho, ndipo bwato lake linaolera padoko mwini wake osabwera.

"Ndiye inu mwaona kuti nkhope imeneyi yatsika mtengo, ikhale pachingwe ngati zotsala?" anatero a Lingisoni. "Tsekani, mukafotokoze bwino kuofesi."

Mnyamata wina anali atawagwira kale agogo pamkono. Thukuta linkayenderera m'khosi mwawo, pensulo itagwa pansi osaitola. Anavula chipewa, n'kuyankhula ndi mawu aang'ono amene sindinkawadziwa.

"Achimwene, pepani, chikatonicho n'cha zamaluwazi. Izi zinazi sindikugulitsa ayi. Ndaziyanika kuti amayi athu ovina atenge ulere. Ndi mphatso yanga ya chaka chatsopano."

A Lingisoni analozanso chingwe chija ndi ndodo. "Zonse?"

"Zonse."

"Ndi zili m'katizo?"

Agogo anacheukira kugolosale. M'katimo munali mpukutu wosatsegula wa nsalu ya chipani yomweyo, umene anathirapo mpamba wawo wonse.

"Ndi zili m'katizo," anatero.

Anyamatawo analowa okha n'kuututumutsira panja. Mayi wina anayamba nthungululu, ena onse n'kulandira, poti kukhala chete pamenepo kunalinso mlandu. Nyimbo inayamba, fumbi linabuka, lumo likudula, ndipo agogo anaima pakati akuomba m'manja, akumwetulira ndi mano okha. M'chipwirikiti chimenecho zamaluwa zija nazonso zinayenda, ndipo panalibe woti n'kugwira dzanja la munthu. Gule atatha pachingwe panatsala katoni yokha.

Mayi a Esinati sanavine. Anaima patsinde pa mango atagwira pakamwa, chifukwa pokadandaula kwa mlongo wawo uja iwo ankangofuna theka lawo, sankafuna kuti munthu atengedwe. Anthu atabalalika anadzagwada pakhonde akulira. Agogo sanawakalipire. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi lichero la mpunga wathu wambewu wotsala.

"Pitani mukafese, mayi. Mvula sidikira milandu yathuyi."

Kanali koyamba kuwaona akupereka chinthu popanda wowagwira mkono.

Golosale inatsekedwa mpunga usanache, ndipo agogo anamalizira moyo wawo akusoka maukonde a anthu kudoko. Asodzi ankawaseka kuti wouma manja uja anaveka mudzi wonse tsiku limodzi. Iwo ankangokoka ulusi ndi mano n'kunena kuti, "Chaka chimenecho zonse zinatsika, koma mutu wangawu ndinaugula pamtengo wonse."

Lero ine ndimagulitsa nsalu mumsika wa Zomba, ndipo Januwale akafika nanenso ndimatsitsa ngati anzanga. Wobwera kudzadandaula kuti anagula modula mwezi watha sindimuyankha mothamanga, ndimamupatsa mpando kaye. Ndipo ndisanapachike chitenje chilichonse ndimachitambasula chonse kuti ndione chimene chajambulidwapo. Ana anga amandiseka, amati zinthu zinasintha kalekale. Ndikudziwa kuti zinasintha, koma ndikapeza nkhope ya munthu pansalu, manja anga amaipinda okha n'kuibwezera pansi pa tebulo.