Chofunda cha Nsalu za Eni Ake

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinatsika kuchokera kumudzi kwathu kumapiri kudzakhala kwa asibweni, alongo awo a amayi anga, pa boma la Nkhata Bay. Inali nthawi ya Chitaganya, m'zaka za m'ma 1950. Sukulu ya kwathu inkalekezera m'makalasi oyambirira, ndipo makolo anafuna kuti ndipitirize. Ponditsanzika, amayi anangondiuza chinthu chimodzi: kwa eni ake mwana sachuluka mawu. Malangizowo ndinawasunga mopyola muyeso. Munthu akandifunsa dzina, ndinkayang'ana zala zanga zakuphazi mpaka iye atatopa n'kuchoka.

Asibweni, a Chirwa, anali telala. Makina awo opalasa ndi phazi anabwera nawo kuchokera ku Harare, ndipo ankasokera pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Ndikaweruka kusukulu ndinkadzera kumeneko kukasesa. Pansi pa makinawo pankakhala tinsalu ta mitundu yonse, ta khaki, ta biriwita, ta maluwa ofiira ndi obiriwira. Zotsala zazikulu asibweni ankazimanga kamtolo n'kubwezera mwini nsalu. Tating'onoting'ono ndi timene ndinkasesa, iwo n'kukatitentha kuseri kwa sitolo. Sindinafunsepo chifukwa chake ankatitentha m'malo mongotitaya kudzala.

Tsiku lina ndinatola kansalu kofiira n'kukabisa m'dzanja. Asibweni anandiona, koma sanakalipe. Anandiuza kuti m'nyumba ya mzungu imene ankagwirako ntchito ku Harare munali chofunda chosokedwa ndi tizigamba tokhatokha, ndipo dona wa m'nyumbamo ankachisoka pongodzisangalatsa. Anatenga katoni ya sopo, nadulapo kachikombole ka makona anayi, kosongoka kumwamba ndi kumunsi ngati diso la ukonde akaukoka. Anati azungu amati dayamondi. Ndiziika kachikomboleko pansalu, ndizilemba ndi pensulo, ndizidula, kenako ndizilumikiza tizigambato ndi singano.

Ntchitoyo inandilowa m'magazi chifukwa sinkafuna kuyankhula. Masana alionse ndinkakhala patsinde pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, lichero la tizigamba pamwendo. Poyamba zinkandikanika. Nsalu yodulidwa chopendekera imatamuka ukaikoka, ndipo ine ndinkakoka ulusi mwamphamvu poopa kuti zingamasuke. Tizigamba tanga toyamba tinatukumuka pakati, asibweni n'kutinyamula ndi zala ziwiri.

"Kodi wayamba kusoka zipewa, Esinati? Ndikupezere makasitomala?"

Ndinasosola zonse n'kuyambiranso. M'kupita kwa masabata dzanja linaphunzira kufewa. Ndinazindikira kuti tizigamba tisanu ndi kamodzi tikakumana nsonga timapanga nyenyezi, ndipo kuti chofiira chimawala kwambiri chikagundana ndi biriwita. Chala changa chapakati chinabookabooka mpaka chinauma ngati chikopa. Patatha miyezi isanu ndinali ndi chofunda chokwanira mphasa yanga yonse. Akazi awo a asibweni, NyaLongwe, anandipatsa bulangete lakale loika mkati ndi matumba awiri a ufa oti akhale kunsi.

Loweruka lina m'mawa ndinapita nacho kugombe la Chikale kukachichapa. Nditachiyanika pamwala, amayi amene ankachapa pafupi anasiya zochapa zawo n'kubwera kudzaona. Ena ankachisisita, ena ankafunsana kuti chagulidwa kusitolo iti. Mtima wanga unkavina, ngakhale ndinali nditabisala kuseri kwa dengu. Kenako mayi wina wamtali, wodziwika pamsika chifukwa chogulitsa usipa komanso chifukwa cha mawu ake aakulu, anawerama n'kuloza nyenyezi ina. Dzina lake anali NyaMhone, ndipo anali ndi pathupi pooneka.

"Iyi si nsalu ya delesi langa iyi? Yobiriwira ya maluwa achikasu?"

Anayenda ndi chala pachofunda chonse, akupeza nsalu yake apa ndi apo. Amayi ena aja anawerama nawonso, wina napeza malaya a mwamuna wake, wina yunifolomu ya mwana wake. Kuseka kuja kunatha.

"Mwana iwe, anakutuma ndani kusonkhanitsa nsalu za anthu? Ukufuna ukachite nazo chiyani?"

Ndikanayankha pomwepo mwina nkhani ikanathera pamwalapo. Koma ndinakwatula chofunda chili chonyowa n'kuthawa, ndipo kuthawako kunawatsimikizira zimene ankaopa.

Madzulo ake NyaLongwe ndi amene anandimasulira. Masiku amenewo anthu ankakhulupirira kuti munthu wokufunira zoipa akapeza kachidutswa ka chovala chako, akhoza kukapita nako kwa odziwa mankhwala n'kukupweteka. N'chifukwa chake telala wokhulupirika ankatentha zotsala. NyaMhone anali atataya ana awiri ali makanda, ndipo tsopano anaona nsalu ya pathupi pake ili m'manja mwa mwana wachilendo wosayankhula. Anatumiza mawu akuti chofundacho chitenthedwe anthu akuona.

Lolemba ndi Lachiwiri palibe anabweretsa nsalu pakhonde la asibweni. Makina anangokhala ovundikira. Lachiwirilo pobwera kunyumba asibweni anandiitana. Anati kulakwa kwakukulu kunali kwawo, chifukwa anakhalitsa kunja mpaka kuiwala mantha a kwawo. Komabe panali njira ziwiri zokha. Mwina chofunda chitenthedwe Loweruka pamsika, kapena ndipite ndekha kwa mwini nsalu aliyense, ndikamuonetse, ndikamupemphe. Wokana ndimusosolere nsalu yake ndimubwezere.

"Bwanji mupite ndinu, asibweni?" ndinafunsa chapansipansi.

"Akuopa iwe, osati ine. Mawu anga amawadziwa kale. Ako sanawamvepo."

Tinayala chofundacho pabwalo. Asibweni ankadziwa mwini wa nsalu iliyonse ngati mbusa adziwa mbuzi zake, ndipo ine ndinkalemba mayina kuseri kwa kope langa. Anakwana makomo khumi ndi anayi.

Khomo loyamba ndinalephera. Ndinafika, ndinagwada, mayi wa pakhomopo anandiyang'ana kudikira, ine osatulutsa ngakhale odi. Ndinadzuka n'kubwerera. Panjira ndinakhala pansi pa mtengo, chofunda chili pamwendo, n'kumaganiza za moto wa Loweruka. Ndinayang'ana nyenyezi imene ndinaisosola katatu isanakhale bwino. Ndinang'amba pepala m'kope n'kulemba mawu oti ndikanene, monga momwe aphunzitsi ankatilembetsera ndakatulo zoloweza, ndipo ndinawabwereza mpaka anakhazikika.

Khomo lachiwiri linali la a Kamanga, kalaliki wokalamba wa kuboma. Ndinagwada n'kulakatula zonse mosapuma, maso ali pansi. Ndine Esinati, mphwawo wa a Chirwa atelala. Ndinatola nsalu yanu osapempha. Ndinalakwa. Sindinkafuna choipa, ndinkangofuna kusoka. Ngati simukufuna ndisosola pompano.

A Kamanga anavala magalasi n'kufunafuna khaki wawo.

"Ndiye kabudula wanga wakhala pakati pa madelesi a amayi onsewa? Zaka zonsezi ine osapeza mwayi wotere. Msiye pomwepo, mwanawe, akusangalala."

Akazi awo anawamenya paphewa ndi chipande, ine ndinaseka mosayembekezera, ndipo kusekako kunandichotsa mantha. Ndinabwerera kukhomo loyamba lija tsiku lomwelo, ndipo mawu anatuluka.

Masiku atatu ndinkaweruka kusukulu n'kuyamba kukwera ndi kutsika zitunda za tauniyo, chofunda pamutu, lezala ndi singano m'thumba. Ambiri analola. Ena ankafuna kaye kuona kunsi kwake, ena ankanunkhiza, ena ankaitana anzawo kuti adzaone pamene pali nsalu yawo. Mayi wina amene mwamuna wake anali ku Joni anagwira kachigamba ka malaya a mwamunayo nthawi yaitali, kenako anati ndimusosolere, osati chifukwa cha mantha koma kuti akasunge yekha. Bambo wina msodzi anakana osafuna n'kumva zambiri, ndipo ndinamudulira tizigamba take tinayi iye ataimirira. Pofika Lachisanu pepala lija ndinali nditalitaya. Ndinkangoyankhula.

Kwa NyaMhone ndinapita pomaliza. Ndinawapeza pabwalo akutembenuza usipa pathandala, amayi ena atatu ali pomwepo. Sanandipatse mphasa. Ndinagwada padothi n'kunena zimene ndinadzera, ndipo ulendo uno ndinawayang'ana kumaso. Anandiuza kuti ndisosole nsalu yawo yonse iwo akuona. Ndinadula ulusi mosamala, kachigamba kamodzikamodzi, n'kumaika m'dzanja lawo. Tinali tisanu ndi tinayi. Chofunda changa chinatsala ndi mabowo ngati ukonde wolumidwa ndi ng'ona.

Ndinkayesa kuti zatha, koma NyaMhone anachikoka n'kuchiyang'ananso kuyambira kumutu mpaka kumiyendo.

"Ndaona ya NyaBanda, ndaona ya aphunzitsi, ndaona ya kalaliki. Nanga yako ili pati? Watenga za anthu onse m'tauni muno, yako wabisa. Ukuti ife tiganize chiyani?"

Amayi ena aja anavomereza ndi mitu. Funsolo sindinalikonzekere, ndipo linali loona. M'chofunda chonsecho munalibe ulusi ndi umodzi womwe wa chovala changa. Ndinali ndi madelesi awiri okha, la kusukulu ndi la kutchalitchi, ndiye sindinaganizepo zodula. Koma kumutu ndinali nditamanga duku wabuluu, yekhayo amene ndinali naye. Ndinamumasula, ndinatulutsa kachikombole kanga ka katoni, ndinapempha sizasi.

"Ngati muli mankhwala m'menemu, ayambe ndi ine, ama," ndinatero.

Mpaka lero sindidziwa kumene mawu amenewo anachokera. Ndinadula madayamondi asanu ndi anayi pa duku uja, ndipo ndinakhala pomwepo padothi n'kuyamba kutseka mabowo. Nditasoka achiwiri, NyaMhone anatuma mwana kuti abweretse mphasa. Nditasoka achisanu, anakhala pambali panga n'kumayang'anitsitsa singano. Anakoka msoko wina mwamphamvu kuti aone ngati ungamasuke, koma sunamasuke.

"Manja awa ndi a munthu wamkulu. Pakamwa pokha ndiye panachedwa kukula," anatero kwa anzawo aja, iwo n'kuseka.

Kenako anatambasula dzanja limene munali tizigamba tawo tobiriwira tija. Ndinkaganiza kuti atiponya pamoto. M'malo mwake anatiyala pamphasa n'kumatisuntha ndi chala, kuyesa kupanga nyenyezi, koma nsonga sizinkakumana. Anandifunsa kuti zimatheka bwanji. Ndinawaonetsa. Anati nsalu yawo sidzagonanso kunyumba kwa munthu wina, koma akufuna asokere mwana amene akubwerayo kachofunda kakekake, ndi manja awo, ndipo ine ndizibwera Loweruka lililonse kudzawaphunzitsa.

Loweruka limene chofunda chikanapsa, NyaMhone anachinyamula okha kupita nacho pamsika. Anachiyanika pachingwe pafupi ndi makina a asibweni, n'kumaitana aliyense wodutsa ndi mawu awo aakulu aja kuti adzaone duku wa mwana wa Chirwa pakati pa nsalu za tauni yonse. Ine ndinaima pambali mutu uli pamtunda wopanda duku, ndipo amene ankandifunsa ndinkawayankha. Dzuwa lisanafike pamutu makina anali atayambanso kulira. Mayi wina atalandira kamtolo ka zotsala zake kwa asibweni, anatembenuka n'kundipatsa ine m'manja.

"Yewo, ama," ndinathokoza mokweza, moti asibweni anasiya kupalasa n'kundiyang'ana.

Mwana wa NyaMhone anabadwa nthawi ya mvula, wamwamuna, ndipo anamutulutsa m'chikuta atakulungidwa m'kachofunda ka nyenyezi zokhotakhota zimene mayi ake anasoka okha. Anakula, ndipo anadzakhala woyendetsa maboti.

Ndasoka zofunda zambiri kuyambira nthawi imeneyo, mpaka maso anayamba kukana ulusi wakuda. Anthu a masiku ano ambiri saopanso kachidutswa ka nsalu monga ankaopera makolo athu, komabe sindinaikepo m'chofunda nsalu ya munthu ndisanamupemphe. Ndili mwana ndinkayesa kuti wokhala chete salakwira munthu. Ndinadzaona kuti ukakhala chete, anthu amakuyankhira okha mafunso awo, ndipo amayankha ndi zimene amaziopa. Makomo khumi ndi anayi aja ndi amene anandiphunzitsa kutsegula pakamwa, ndipo ndinatsegula chifukwa ndinali nditapanga chinthu chimene sindikanalola kuti chipse.