Kadimba ka Dorah Kuseri kwa Komboni

Dorah anafika pa komboni ya mgodi wina wa golide kufupi ndi Kwekwe mu 1934, kutsatira mwamuna wake Nikodemo. Kuseri kwa nyumba analima kadimba kongokwana mphasa imodzi. Ankafuna chitowe cha Amwenye choti azithira m'nyemba, pakuti Nikodemo atayamba kutsokomola fumbi la mumgodi, chakudya chinasiya kumukomera. Anapempha njere kwa Mmwenye wa sitolo, n'kumafesa dzinja lililonse. Mvula ikachuluka chinkaola, ikachepa chinkapserera. Sanakololepo ngakhale zodzaza chikhatho.

Koma m'mphepete mwa mpanda munamera chokha chitsamba chonunkha chimene Mashona amati munhuwenhuwe. Dorah ankachizula mokwiya, icho n'kuphukanso. Anansi ankabwera kudzathyola, wina kukaphera njoka za m'mimba mwa mwana, wina kukayala pansi pa mphasa kuti utitiri uthawe.

"Chathu ndi chimenechi, amnzanga," anatero mayi wina wa ku Sena. "Sichidikira kuti wina achikonde."

Nikodemo anamwalira dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndipo azimayi anasowa chophera fungo m'nyumba ya siwa. Dorah anapita kudimba, nathyola chonunkhacho mpaka manja kudzaza. Chitowe sanafesenso.